Ana a ku Mbayani ndi Tsache: Dima Lisasanduke Thangata



Pa msonkhano wathu wapitawu panabuka mkangano umene sitinaumalize, pakuti dzuwa linalowa tisanamvane. Nkhani yake inali ya ana a sukulu za pulayimale a ku Mbayani, mumzinda wa Blantyre, kumene ambiri a ife tili ndi ana ndi adzukulu amene anachoka kuno kumudzi kukafuna ntchito m'tauni. Tinamva kuti makolo ena ndi aphunzitsi kumeneko afuna kuti ana azituluka nthawi ndi nthawi kukasesa m'njira, kukatola zinyalala, kukabzala mitengo ndi kukatungira madzi nkhalamba zimene zilibe wozithandiza. Abale ena anaimirira nayamika, nati umu ndimo tinakulira ife tonse. Koma ena anakana kwamtuwagalu, nati mwana atumizidwa ku sukulu kukagwira pensulo, osati tsache, ndipo mmodzi wa akulu athu anatchula liwu limene linatontholetsa bwalo lonse, ndilo thangata.

Liwu limeneli si lotchula mwamasewera m'dziko muno, makamaka kuno kumwera. Chifukwa chake ife a komiti taona kuti nkwabwino tilembe maganizo athu poyera, kuti aliyense awerenge ali phee kunyumba kwake, ndipo amene sadziwa kuwerenga mwana wake amuwerengere. Maganizo athu ndi awa: ana agwire ntchito yothandiza mudzi wawo, pakuti ndiwo mwambo wathu ndiponso Mbayani aisowa ntchito yotere, koma ife akulu tiimangire mpanda wolimba, kuti dima lisasanduke thangata monga zinachitikira kale.

Tiyambe ndi kuona chimene chili ku Mbayani. Amene munafikako mudziwa kuti nyumba zake nzothithikana, njira zake nzopapatiza, ndipo anthu ngochuluka kuposa mipope ndi zimbudzi zimene zilipo. Majumbo ndi mabotolo otayidwa amatsika ndi madzi a mvula nakatseka ngalande; ngalande zikatsekeka madzi amalowa m'nyumba, zimbudzi zimasefukira, ndipo uve umene munthu anataya kuseri kwa nyumba yake umakapezeka pakhomo pa mnzake. Zotsatira zake tinaziona ndi maso athu. Kolera amene anayamba mu Marichi 2022 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 Boma linalamula kuti sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zisatsegulidwe pa tsiku lake, ana nakhala kunyumba masabata awiri. Chilonda chimenecho chisanapole, mu Marichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche nakwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe. Anthu mazanamazana anafa m'chigawo chino, ndipo zipinda zophunziriramo zinasanduka misasa ya anthu osowa pogona.

Tsono inu abale amene munena kuti tsache limubera mwana nthawi ya maphunziro, tawerengani masiku amene uve ndi madzi osefukira anawabera kale ana omwewo. Mwana wa ku Mbayani sali mlendo pa nkhani imeneyi. Ndiye amene amayamba kutsegula m'mimba, ndiye amene amadumpha madzi onunkha popita ku sukulu m'mawa, ndiponso ndiye amene adzakhale m'mudzi umenewo ife titagona. Kumuuza kuti ukhondo wa mudzi wake sumukhudza ndiko kumunamiza.

Ndiponso kuthandizana sitinakuphunzire kwa azungu kapena kwa mabungwe. Makolo athu anali ndi dima. Munthu akadwala, kapena munda ukamukulira, ankafulula thobwa kapena mowa, anansi nabwera ndi makasu awo, nalima munda wonse tsiku limodzi nyimbo ili pakamwa, nadyera pamodzi, mawa lake napita kwa wina. Denga la nkhokwe linkasenzedwa ndi mitu yambiri, manda ankalambulidwa ndi mudzi wonse, ndipo ulalo wa pamtsinje ukakokoloka palibe amene ankadikira Boma. Ana ankakhala pomwepo, wina kubweretsa madzi akumwa, wina kulera khanda pamthunzi, wina kuunjika zinyalala, ndipo ndimo ankaphunzirira kuti munthu sakhala yekha. Panalibe kapitawo, panalibe wolemba mayina, ndipo phindu linkabwerera kwa onse amene anakhetsa thukuta.

Liwu lomweli la thangata poyamba linali labwino, pakuti kuthangata ndiko kuthandiza. Amene analiipitsa ndiwo eni minda ikuluikulu a nthawi ya atsamunda, ku Thyolo, ku Mulanje, ku Chiradzulu ndi ku Zomba. Iwo anatenga dziko, natinso munthu wokhala pa dzikolo alipire lendi ndi thupi lake, mwezi umodzi wa lendi ndi mwezi wina wa msonkho. Koma mwezi wa bwana unali wautali kuposa mwezi wa kumwamba, chifukwa kapitawo akakana kulemba tsiku pa tikiti, tsikulo linkapita pachabe. Ntchitoyo inkagwa nthawi ya dzinja, munda wa mwini wake uli kumera thengo. Abale athu Alomwe amene anathawa nkhanza ku Mozambique ndiwo anasenza goli limeneli koposa. Ku Magomero, pa minda ya A. L. Bruce, matchalitchi amene anthu a Mbusa John Chilembwe anamanga anatenthedwa, ndipo nkhanza za thangata zinali mwa zimene zinadzutsa nkhondo ya pa 23 Januwale 1915. Mu 1953 ku Thyolo kunabukanso chipolowe pa nkhani za malo, anthu nafa. Thangata linathetsedwa ndi lamulo mu 1962, koma chipsera chake sichinathe, ndipo mkulu uja amene anatchula liwuli pa msonkhano sitimudzudzula, pakuti ambiri a ife agogo athu anamva chikoti pamsana.

Taonaninso nkhani ya malimidwe m'zaka za m'ma 1950. Kulima mizere yopingasa ndi kuunda migula yotchinga madzi kuti nthaka isakokoloke chinali chinthu chanzeru, ndipo alangizi a zaulimi atiphunzitsa chomwecho kufikira lero. Koma Boma la atsamunda linachibweretsa ndi mesenjala, ndi chindapusa, ndi ndende. Anthu anadana nayo migula pamodzi ndi amene anaibweretsa, ndipo ntchito yabwino inanyozeka chifukwa cha njira imene inadzera.

Titalandira ufulu mu 1964, m'nthawi ya Dr. Kamuzu Banda, panali Sabata la Achinyamata chaka ndi chaka. Ana a sukulu pamodzi ndi akulu ankakonza misewu, kumanga milatho, kuumba njerwa ndi kuthandiza okalamba, ndipo ambiri a ife tinaphunzira m'zipinda zomangidwa ndi manja a mudzi. Zimenezi tiyamika. Koma tisabise chilungamo: kukana kunali koopsa m'masiku amenewo, pakuti a Payoniya ndi anyamata a chipani anali pafupi, ndipo ana ankaimikidwanso m'mbali mwa msewu padzuwa kudikira atsogoleri. Ndale za zipani zambiri zitafika mu 1994, sabata lija linatha, ndipo anthu ambiri anayamba kutcha ntchito iliyonse yosalipidwa kuti thangata. Apo tinatentha nkhokwe pofuna kupha khoswe. M'zaka zomwezo phiri la Ndirande, limene linali ndi mitengo yambiri, linametedwa mpala anthu akuona, chifukwa chinthu cha onse chinasanduka chopanda mwini. Mu Novembala 2020 Pulezidenti wa nthawiyo, Dr. Lazarus Chakwera, anakhazikitsa tsiku losesa dziko lonse, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Maganizo ake anali abwino, koma ukhondo wolamulidwa kuchokera ku likulu sungakhalitse ngati eni mudzi sanaulandire mumtima.

Mbiri yonseyi itiphunzitsa chinthu chimodzi. Pa dima ndi pa thangata khasu ndi lomwelo, thukuta ndi lomwelo. Chosiyanitsa ndi mafunso atatu: kodi walamula ndani, kodi apindula ndani, nanga wokana achitidwa chiyani? Ndi mafunso amenewa tamanga mpanda wa mizati isanu ndi iwiri, umene tipempha abale athu a ku Mbayani auike pamaso pa komiti ya sukulu ndi pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, mwana asanagwire tsache.

Choyamba, akulu atsogole. Pasapezeke mwana wogwira tsache pamene bambo ali pa bawo ndipo mayi ali chiimire kuonerera. Ngati makolo sapezeka tsiku limenelo, ana asatuluke. Chitsanzo chilipo kale m'sukulu zambiri za Blantyre. Chiyambire 2002, pamene bungwe la Mary's Meals linayamba kudyetsa ana m'dziko muno, anthu a m'midzi yozungulira sukulu, makamaka amayi, amadzuka kusanache kukasonkha moto ndi kuphika phala la likuni popanda malipiro. Mwana amene wamwa phala limenelo waona kale dima ndi maso ake. Chatsala ndi kumuuza kuti dzanja limene lamugawira ndi la mnansi wake amene salandira kanthu.

Chachiwiri, ntchito ilingane ndi msinkhu. Ana a Sitandade 1 kufikira 4 asese bwalo la sukulu yawo, athirire mbande, aphunzire kusamba m'manja ndi sopo ndipo akaphunzitse azibale awo kunyumba. A Sitandade 5 kufikira 8 angathe kutola majumbo m'njira zoyandikana ndi sukulu, kubzala mitengo, kutungira madzi nkhalamba ndi kuiwerengera zimene adokotala alemba m'buku lake la kuchipatala. Koma kulowa m'ngalande za madzi onyansa, kufukula dzala, kugwira magalasi osweka, kapena kusenza njerwa ndi mchenga wa kumtsinje, imeneyo ndi ntchito ya akulu okhala ndi jombo ndi mafosholo. Kodi tingapulumutse bwanji mudzi ku kolera pomulowetsa mwana m'madzi a kolera? Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 liletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo ngakhale ntchito yodzipereka si ya malipiro, cholinga cha lamulolo, ndicho kuteteza thupi ndi maphunziro a mwana, tichisunge pano pomwe. Pomaliza ntchito pakhale ndowa ya madzi ndi sopo.

Chachitatu, nthawi ya kalasi isakhudzidwe. Sukulu ya pulayimale itakhala yaulere mu 1994, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa osakwana 2 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo m'madera othithikana monga Mbayani mphunzitsi mmodzi amaima pamaso pa khamu la ana. Mwana wotere nthawi imene amva mawu a mphunzitsi njochepa kale, ndipo sitingaichepetsenso. Ntchito ichitike akaweruka kapena Loweruka m'mawa, ola limodzi kapena awiri, ndipo kamodzi pa mwezi nkokwanira. A Sitandade 8 mayeso akayandikira asiyidwe awerenge.

Chachinayi, tsache ndi khasu zisakhale chilango. Tonse tikumbukira kuti kuchedwa ku sukulu kunkalipidwa ndi kukumba dzenje, kuzula chitsa kapena kutchetcha bwalo lonse anzako ali m'kalasi. Mwana amene waphunzira kuti khasu ndi la olakwa adzakula akulithawa khasu, ndipo akadzakhala bwana adzanyoza aliyense woligwira. Tipempha aphunzitsi, amene tiwalemekeza chifukwa cha katundu wolemera amene asenza, kuti mwana wolakwa amulangize mwa njira ina, ndipo tsiku la ntchito ya mudzi likhale laulemu, loti mwana wokhoza bwino m'kalasi ndi mphunzitsi wamkulu yemwe agwire tsache pamodzi ndi onse.

Chachisanu, phindu libwerere kwa onse. Ku munda wa mphunzitsi, ku uvuni wa njerwa wa mfumu, pa bwalo la khansala kapena pakhomo pa sitolo ya wamalonda, kumeneko mwana asapondeko m'dzina la chitukuko. Wofuna aganyu alembe akulu nawalipira. Ndipo apa tidzinenenso tokha. Ana a sukulu sali a chipani chilichonse, ngakhale a gulu lathu lino. Asavekedwe nsalu kapena malaya a chipani, asaimbitsidwe nyimbo zotamanda munthu, asasungidwe padzuwa kudikira mlendo wolemekezeka amene afuna kujambulitsa atagwira tsache latsopano. Membala wa nthambi ino amene adzachite zotere adzayankha pamaso pa komiti.

Chachisanu ndi chimodzi, kukana kuloledwe, ndipo ana afunsidwe. Ana ambiri a ku Mbayani ali kale pa ntchito: wina agulitsa mandasi ndi zitumbuwa akaweruka, wina alera ang'ono ake mayi ali ku geni, wina asamala agogo odwala. Mwana wotere akalephera kufika asalembedwe dzina, asachititsidwe manyazi pa mzere wa m'mawa, ndipo kholo lake lisalipitsidwe kanthu. Ana okulirapo afunsidwe chimene afuna kukonza, pakuti iwo adziwa kuposa ife njira imene imadzaza madzi ndi nyumba imene ili ndi gogo wogona yekha. Ndiponso anyamata asese ndi kutunga madzi monga atsikana, atsikana akumbe maenje a mitengo monga anyamata, kuti katundu asagwere mbali imodzi monga agwera kunyumba.

Chachisanu ndi chiwiri, pasakhale ofesi yobisala kumbuyo kwa ana. Kuchotsa zinyalala mumzinda ndi udindo wa khonsolo, imene ilandira msonkho wa malo ndi ndalama za matikiti a mumsika. Ana akaunjika zinyalala, galimoto ifike tsiku lomwelo; ikapanda kufika, mbuzi ndi mphepo zidzamwaza muluwo usiku, ndipo mwana adzaphunzira kuti thukuta lake ndi lachabe. Chifukwa chake makolo ayambe apita kwa khansala wawo nagwirizana naye tsiku la galimoto, pamenepo ndipo atchule tsiku la ana. Manja a ana athandize ntchito ya Boma, koma asalowe m'malo mwa Boma.

Tidziwa kuti ena adzati, ngati kukana kuloledwa ndiye kuti palibe adzabwere. Abale, kodi dima linasowapo anthu? Munthu amapita kumene aona anzake, kumene aona phindu, ndi kumene alemekezedwa. Ana makamaka ndiwo sakhalira m'nyumba akamva anzawo akuimba panja. Ndipo ngati atabwera makumi atatu okha ndi mtima wawo, aposa mazana atatu obwera chifukwa choopa ndodo, pakuti oopa ndodo adzataya jumbo pamalo pomwe asesa, mphunzitsi akangotembenuka.

Tipereke chitsanzo cha mitengo. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo, ndipo chaka ndi chaka mbande zimalowa m'nthaka zambiri. Kubzala nkosavuta, chovuta ndicho kuthirira m'chilimwe, kutchinga mbuzi ndi kulambula kuti moto usafike. Tsono kalasi iliyonse ikhale ndi mitengo yakeyake, m'bawa, mthethe, mango kapena mapeyala, pa bwalo la sukulu kapena m'mphepete mwa khwawa, ndipo mvula ina ikadza ana awerenge imene yapulumuka nalemba pa bolodi, nafunsana chimene chinapha inayo. M'menemo muli masamu, muli sayansi, mulinso khalidwe, ndipo mbale uja wa pensulo aone kuti pensulo sinatayike. Mwana amene wathirira mtengo zaka zitatu sadzaima chete poona munthu akudza ndi nkhwangwa. Phiri la Ndirande likadakhala ndi ana otere zikwi zingapo, silikadametedwa mosavuta chotero.

Tsono pempho lathu ndi ili. Aliyense amene ali ndi mwana kapena mbale ku Mbayani, ku Chemusa, ku Chirimba kapena ku Ndirande amutumizire kalata ino, kapena amuwerengere pa foni, ndipo amuuze kuti asajombe ku msonkhano wa makolo, pakuti mpanda umangidwa ndi amene afika. Mafumu athu ndi nyakwawa, zomwezi zikhudzanso sukulu za kuno kumudzi, kumene ana amatumidwa kusenza njerwa ndi mchenga nthawi ya kalasi. Tipempha kuti muitane makomiti a sukulu muone ngati mizati isanu ndi iwiriyi ili chilili kwanu. Amayi a m'nthambi ino, inu amene mudziwa mwana wobwera ku sukulu ndi njala, mutithandize kuona kuti wotere asagwiritsidwe ntchito m'mimba muli pululu. Ndipo inu achinyamata, Loweruka loyamba la ntchitoyi mukhale oyamba kufika ndi mafosholo, kuti ngalande zikhale zanu ndipo ana atsale ndi mbande.

Akulu anati m'mera mpoyamba. Agogo athu anakana thangata, ena nataya moyo, kuti adzukulu awo agwire ntchito mwaufulu pa dziko lawo, sanakane ntchito. Pa msonkhano ukudzawu tidzayamba ndi nkhani yomweyi, ndipo mkulu uja amene anatchula thangata tidzampatsa mpata woyamba kuyankha. Bwerani nonse, ndipo amene ali ndi mzati wachisanu ndi chitatu adze nawo.

MKONZI,
m'malo mwa Komiti ya Nthambi.